Basi Yakutha Ndiyo Imandisungira Banja

Pamzere wogula matikiti a basi, bambo wina wa chipewa ankawerenga mokweza chikwangwani cholengeza za sitima yothamanga imene ikubwera. Mayi amene anaima kumbuyo kwake anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatsonya.

"Mayi, simukukondwa? Ulendo wa tsiku lonse udzakhala wa maola awiri okha!"

"Akondwe mkazi mnzanga. Ndiye amakhala mumzinda winawo, pafupi penipeni ndi siteshoni."

"Oo, kani muli pamitala?"

"Chaka chachisanu ndi chinayi chino, bambo. Basi yakuthayi ndiyo imandisungira banja. Amuna anga akafika kuno amakhala atathyoka msana, ndiye amatha mwezi wathunthu asanaganize zobwerera."

"Komatu sitimayo izidzawabweretsanso kwa inu msanga."

"Izidzawabweretsa, inde. Azidzafika m'mawa, ine ndiwachapire, ndiwaphikire, madzulo azikagona kwa uja wopaka milomo."

"Mwinatu azidzasankha kugona kwanu."

"Bambo, inu ndinu mwamuna, mundiuze zoona. Kwanga kuli ana asanu m'zipinda ziwiri. Kwake kuli sofa ndi mphaka basi. Inuyo mukanagona kuti?"

"Mayi, tiyeni tisunthe. Mzere wayenda."