Shuga amene anawalanda kumanda

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, Iye amene amaona misozi ingakhale yogwera m'chitenje. Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni. Ndaima pano kuti ndichitire umboni.

Amuna anga, bambo a Esinati, ndi awo atsamira khoma kumbuyoko. Mukukumbukira mmene anaondera ngati phesi, madzi kumwa ludzu osatha. Tinakwera lole kuchoka kuno ku Sinda mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo dokotala anati ndi nthenda ya shuga. Anandiphunzitsa kuwiritsa jekeseni m'kapoto ndi kuwabaya pantchafu m'mawa uliwonse. Anati akabayidwa adye. Uchi, nzimbe ndi thobwa asiye, koma m'thumba musamasowe kaphukusi ka shuga, chifukwa mankhwala akaposa chakudya munthu amanjenjemera, ndipo shuga yemweyo ndiye amamudzutsa.

Mudzi wonse unamva zoti shuga ndi mdani wawo. Munawasamala, abale anga, munawasamala. Pa dima, chikho cha thobwa chinkawadumpha.

Ndiye kunagwa maliro tsidya la dambo. Nditangowabaya, anzawo anafika ndi makasu. Ndinati, “Phala lili pamoto, dyani kaye.” Iwo anati, “Mai a Esinati, ndani anapita kumanda akunyambita milomo? Ndidya tikatsiriza.” Mukudziwa inu kuti okumba manda sadya mpaka dzenje litatha. Ndipo nthaka ya tsiku limenelo inali ya miyala.

Dzuwa litakwera anayamba thukuta lozizira, mawondo kugwedezeka. Anatuluka m'dzenje, napita pamtengo pamene anapachika jekete, namasula kaphukusi kaja. A Tembo, mnzawo amene ankaweta naye ng'ombe ali ana, anawagwira dzanja.

“Aphiri, mwayamba kuba shuga ngati mwana? Mukufuna tikumbe awiri lero?”

Anthu anaseka, a Tembo n'kuwalanda. Amuna anga anayesa kufotokoza, koma lilime linali litalemera kale, mawu ngati a woledzera. Anawagoneka pamthunzi kuti apume. Ine ndinali pasiwa ndi amayi anzanga, ndikuimba nyimbo, osadziwa kanthu. Ndikuimba, abale. Pamene uthenga unandipeza anali atauma gwa, ndipo kuchipatala tinafika mochedwa.

Anadzuka, inde. Koma mawu sanabwerere. Munthu amene ankayambitsa nyimbo m'nyumba ino, lero amandiyang'ana, milomo imagwedezeka, dzina langa silituluka.

Ndinalira kwa Ambuye kuti, “Akanawapweteka mdani, ndikanadziwa pokwiyira. Nanga amene anawagwira dzanja chifukwa chowakonda, ndimutani?” A Tembo analeka kubwera ku tchalitchi. Akationa panjira ankalowa m'chimanga.

M'mawa wina ndinawapeza a Tembo ataima pafupi ndi nkhokwe, chipewa m'manja, osayandikira khonde. Amuna anga atawaona anasuntha pamphasa, nagogoda pansi ndi dzanja kuti mnzawo akhale. Munthu wopanda mawu ndiye anatilalikira. A Tembo anakhala, analira, kenaka anati, “Mlamu, ndiphunzitseni zonse zimene anakuuzani kuchipatala.”

Lero ndiwo amapalasa njinga kukatenga mankhwala ku Katete. Ine ndikadwala, ndiwo amabaya. Ndiwo awabweretsa muno m'mawa uno.

Ndikupempha ichi chokha: mukawaona akutuluka thukuta lozizira, akunjenjemera, musayambe mafunso. Apatseni shuga.

Mtima wanga sunapole, sindikunamizani. Koma ndimaphikirabe amuna anga, ana ali ndi bambo, ndipo mbale wathu wabwerera pakati pathu. Chifukwa cha zimenezi ndikuthokoza, ndipo kondwerani nane, ngakhale mukundiona ndikulira.

Ambuye akudalitseni nonse. Adalitse manja anu osamala odwala, ndipo pa chikondi chimene muli nacho kale aonjezerepo nzeru. Ameni.