Dokotala Obse, Wotsiriza Pamzere

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1979 kuno ku Meki, kwa Bambo Wakjira Gemeda ndi Mayi Dinkitu, ndipo anawatcha Obse. Ine ndikuwerengane ndine Tolcha, mchimwene wawo, mlimi wa anyezi. Ndikamapunthwa pa mawu ena mundikhululukire, pakuti wophunzira m'banja mwathu ndi amene agona apawa.

Monga tonsefe, a Obse anakula akumwa madzi a m'zitsime zathuzi, ndipo mano awo anathimbirira ngati khofi wokazinga. Kuno palibe ankadabwa nazo. Koma mu 1994, atapita ku sekondale ku Addis Ababa, anzawo anawapatsa dzina loti Dzimbiri. Pobwera ku tchuthi, mwana uja ankaseka mpaka kugwa pansi anali atayamba kuseka atatseka pakamwa ndi mpango. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mu 2006 anamaliza maphunziro a udokotala wa mano, ndipo mu 2008 anamanga banja ndi Bambo Fayisa Dhaba, mphunzitsi. Ntchito anayamba pa chipatala cha boma, koma siinawakhutitse. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, ine kuzula ndatopa nako. Munthu abwera ndi mano, abwerera ndi nkhama zokhazokha. Ndine dokotala kapena ndikukolola anyezi ngati inu?"

Choncho mu 2013, ali ndi ana awiri, anabwerera ku yunivesite kukachita maphunziro apamwamba a ukadaulo wokonza ndi kukongoletsa mano: kumata obowoka, kuveka osweka, kuyeretsa othimbirira. Anthu anayankhula, inu! Ankati kukongoletsa mano ndi za olemera. Iwo ankangofunsa kuti, "Mtsikana woopa kuyankha m'kalasi chifukwa cha mano ake, ameneyo sakudwala?" Bambo Fayisa anatsala ndi ana zaka zitatu, naphunzira kuphika injera, mkate wathu uja. Yoyambayo ngakhale nkhuku zinaikana.

Mu 2016 anabwerera kuno natsegula chipatala chawo, ngakhale zipatala zikuluzikulu za mumzinda zinkawalimbirana. Atsikana ambiri amene mwakhala apanu munalowa m'menemo mutagwira pakamwa, n'kutuluka manja ali m'chiuno. Ankalandiranso madokotala achinyamata ochita maphunziro omwewo, kuti adzazolowetse manja. Koma aliyense akamaliza ankanyamula chikwama, uyu ku Addis Ababa, uyu kunja. Nkhawa ya malemu inali imodzi: tsiku limene iwo adzachoke, chitseko chija chidzatsekedwa, ndipo ana a ku Meki adzabwerera ku mpango.

N'chifukwa chake mano awo eni sanalole kuti wina awakhudze. Odwala ankawaseka kuti, "Adokotala, nanga anuwo?" Iwo ankati, "Ine ndine wotsiriza pamzere. Anga adzakonza wophunzira wanga amene adzatsale kuno, osati wongodutsa."

Mu Juni 2024 anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Pa nthawiyo wophunzira wawo anali Dokotala Kumsa Nagasa, amene anali atapeza kale ntchito ku Dubai. Malemu sanamupemphe kanthu, anangomudalitsa. Matenda anakula, ndipo ife tinayamba kufunsana chamumtima kuti makina a m'chipatala chawo tidzagulitsa kwa yani.

Mu Januwale chaka chino, a Kumsa anafika kunyumba ine ndilipo, nati, "Aphunzitsi, mpando wokonzerapo mano ukukudikirani." Malemu anati, "Iwe mwana, mpando umenewo ukudziwa tanthauzo lake?" A Kumsa anati, "Ndikudziwa. Tikiti ya ku Dubai ndabweza." Malemu tinawanyamula pagalimoto n'kupita nawo ku chipatala chawo chija. Ngakhale atayasamula, ankalongolola ndithu: "Wayeretsa kwambiri, ukufuna ndioneke ngati mbale? Dzino la munthu siliyera choncho!" Pomaliza a Kumsa anawapatsa kalilole. Anadziyang'ana, nalira, kenako anaseka mokweza, mpango uli pamiyendo. Chithunzi mukuchiona pabokosichi chinajambulidwa tsiku limenelo.

Anatisiya pa 3 Malichi 2025, kunyumba kwawo, atazunguliridwa ndi banja lawo. Asiya amuna awo Bambo Fayisa, ana awiri, Boontu ndi Lalisa, mayi athu okalamba, ndi ine.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza bungwe lathu la maliro chifukwa cha tenti ndi mipando, amayi amene akhala akuwiritsa tirigu ndi khofi, anamwino amene anawasamalira, ansembe, ndi nonse amene mwasiya minda yanu. Dokotala Kumsa andituma ndilengeze kuti masiku olira akatha, chipatala chitsegulidwa monga mwa masiku onse. Amene muli ndi ana obisa pakamwa, abweretseni.

Mchemwali wanga Obse, chitseko chija sichitsekedwa. Mzimu wanu uuse mumtendere.