Moto Umene Ndinanamizira Sitima

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kwa Mkhumba. Nkhani iyi sindinainenepo pamaso pa anthu, ngakhale kwa abusa amene anandibatiza. Mkazi wanga yekha ndiye waimva, ndipo waimva mwezi uno womwe, titakhala kale m'banja zaka zoposa makumi anayi. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera, kusukulu ya kwacha, choncho mundipirire. Ndikufuna kunena za moto umene ndinayatsa ndili mnyamata, ndi moto wina umene unabwera kudzandifuna ndili nkhalamba.

Ndisanakwatire ndinagwirako ntchito kunjanji, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, kumene sitima zimadutsa popita ku Mozambique. M'chilimwe tinkatchetcha udzu mbali zonse ziwiri za njanji, chifukwa sitima ikamanga mabuleki imathetheka mbaliwali, ndipo minda ya anthu inali pafupi. Pamene udzu wachuluka tinkautentha. Kapitawo wathu anatiphunzitsa kulambula kanjira kaye, kenako kuyatsa m'mphepete mwake, anthu ambiri titaima ndi nthambi zaziwisi. Ankati moto wotere umayatsidwa m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo munthu sayatsa ali yekha.

Loweruka lina anandisiyira chigawo choti nditchetche ndekha. Ine mtima unali kugule amene ankavinidwa kumsika tsiku limenelo. Ndinayang'ana udzuwo, ndinayang'ana chikwakwa, ndipo ndinatulutsa machesi dzuwa lili paliwombo. Mphepo inabwera ngati inali kundidikira. Moto unalumpha, unalowa m'mapesi, unadya nkhokwe, ndipo unakafika pakanyumba kena ka kumunda. M'menemo munali mayi wokalamba wosayenda, Abiti Selemani, amene abale ake anamusiya atapita kudambo. Ndinamva kukuwa kwake, ndipo ndinathawa.

Nthawi yomweyo panali patangodutsa sitima ya katundu. Anthu onse anati ndi sitima, ngakhale kapitawo anatero. Ine ndinavomereza ndi mutu. Ndinakhala nawo pamaliro ngati munthu wachisoni wamba, ndipo mwezi usanathe ndinasiya ntchito n'kubwerera kwathu.

Kuchokera tsiku limenelo sindinakhwatchenso machesi. Zinyalala za kumunda ndinkakwirira, ndipo moto wa pakhomo ankayatsa mkazi wanga, amake Lusiya. Anzanga ankandiseka kuti ndine mwamuna woopa kamtengo kakang'ono, ine n'kumaseka nawo. Ndinalowa mpingo, ndinaimba, ndinasonkha, koma chaka chilichonse mapiri akayamba kufuka utsi ndinkadwala matenda opanda dzina. Zaka ziwiri zapitazo amake Lusiya anafa ziwalo mbali imodzi. Sayenda, ndipo mawu amatuluka movutikira. Tsiku limene ndinawaona atagona pamphasa osatha kudzuka okha, ndinakumbukira kanyumba ka kumunda kaja, ndipo mantha anakhazikika mwa ine.

Mwezi uno kunagwa maliro kumbali ya Chiringa, ndipo mudzi wonse unapita, pamodzi ndi Lusiya mwana wathu, amene amatiphikira. Ine ndinatsala kuti ndiyang'anire odwala. Nyumba yathu ndi yomalizira, yofolera ndi udzu. Kuseri kwake kuli kanjira kopita kumjigo, kenako munda wa nandolo wouma, kenako tsekera wotalika mpaka kudambo. Tsekerayo ndinkadziwa kuti ngwofunika kutentha kale mu Julayi, koma ndani akanatentha?

Cha m'ma leveni ndinaona timaphulusa takuda tikutera pabwalo. Nkhuku zinasiya kupalasa. Nditazungulira kuseri ndinaona akabawi akuzungulira pamwamba pa utsi, ndipo ndinamva phokoso ngati mvula yamatalala ikubwera pamalata. Kaya anayatsa ndi osaka mbewa, kaya ndani, sindinafunse mpaka lero. Mphepo inkawomba molunjika kwathu.

Ndinathamangira m'nyumba kuti ndibereke amake Lusiya. Msana wanga unatha kalekale. Tinagwa tonse awiri pakhomo, iwo pansi ine pamwamba. Ndinayesanso, osatheka. Anandigwira malaya ndi dzanja lawo lamoyo n'kunena kuti, "Pitani inu." Kenako anayamba kuitana Muluku, ndiye Mulungu m'Chilomwe, monga ankachitira amayi awo.

Pamenepo ndinadziwa kuti tsiku lija lafika. Mayi wosayenda, nyumba yaudzu, abale onse kulibe. Ndinagwada pakhomo pomwepo, ndipo pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, "Mulungu, sinali sitima. Ndinayatsa ndine. Koma uyu kunalibeko. Tengani ine."

"Madala! Mukupemphera kapena mukudikira kuwauka ngati mbewa?"

Anali a Likhutu, mnansi wathu amene ife a mpingo timamulambalala. Kumaliro sanapite chifukwa kachasu wa dzulo lake anali asanatuluke m'mutu. Anafika akudzandira, ndudu ya chingambwe ili kukhutu. Tinayesa kuwanyamula odwala aja tili awiri, koma dzanja lina la a Likhutu ndi lopuwala, ndipo utsi unali utatseka kale njira ya kumudzi. Tinawabwezera pamphasa.

"Paja inu munali wa kunjanji," anatero. "Amati kumeneko moto mumazimitsa ndi moto unzake. Machesi ine ndili nawo, nzeru zake ndilibe."

"Sindingathe, achimwene."

"Ndiye mukamuuza bwanji Lusiya? Kuti amayi ako apsa chifukwa bambo ako amaopa kamtengo? Gwirani apa!"

M'bokosimo munali timitengo titatu. Ndinaima pakanjira ka kumjigo, pamene mapazi a amayi anapera udzu mpaka dothi, ndipo zonse za kapitawo uja zinabwerera. Koma linali dzuwa la paliwombo, mphepo inali yolimba, ndipo m'malo mwa gulu la anthu ndinali ndi chidakwa chimodzi ndi nthambi za mango. Kamtengo koyamba kanathyoka. Kachiwiri mphepo inazimitsa. A Likhutu anatambasula chijasi chawo n'kunditchinga, akunena mawu amene sindingalembe pano. Kachitatu kanagwira.

Ndinakoka chiputu cha udzu woyaka m'mphepete mwa kanjirako, kuchokera pachulu mpaka pamtengo wa mango. Moto wanga unakana kupita kumene ndinkautuma. Unkaweramira kunyumba, unkanyambita kanjira, ndipo pafupi ndi chimbudzi unalumpha ndithu. Tinaumenya ndi nthambi mpaka masamba anatha, kenako ndi malaya. Denga la chimbudzi linapita. Mitolo ya udzu wofolera inali itatsamira khoma la nyumba, mapazi khumi okha kuchokera pamenepo. Ndinaganiza kuti ndapha munthu wachiwiri ndi dzanja lomwe lija.

Ndiye mwadzidzidzi mphepo inati zii. Ndinamva kampweya kozizira kumsana kwanga, kakuchokera kunyumba. Moto wanga waung'ono unaimirira, unatembenuka, ndipo unathamangira m'nandolo kukakumana ndi waukulu uja. Anakumana pakati pa munda ndi mkokomo umene unatigwetsa pansi. Utsi utachepa, panalibenso choti moto udye. Kapitawo ankanena kuti moto waukulu ukayandikira umakoka mpweya. Mwina ndi momwemo. Koma ine ndinaona mphepo ikundipandukira ndili mnyamata, ndipo ndikudziwa Amene anaigwira tsiku limeneli.

Nandolo anapsa yense, ndipo manja anga adakali ndi matuza. Amake Lusiya ndinawapeza akutsokomola, ali moyo, phulusa lili m'tsitsi. A Likhutu anakhala pakhonde n'kupisa m'thumba. "Taonani tsopano," anatero, "munda wonse wapsa, koma ine ndilibe choyatsira fodya."

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalange mkazi wanga chifukwa cha tchimo langa. Ndikumuthokozanso kuti anandipulumutsa ndi munthu amene sindinkamupatsa mpando pakhomo panga. Sindikunena kuti moto uwu wafafaniza uja. Abiti Selemani anali ndi ana, ndipo zidzukulu zawo zakula zikudziwa kuti agogo awo anaphedwa ndi sitima. Akulu a mpingo mukawerenga izi, ndikupempha awiri a inu mundiperekeze kutsidya kuja, kwa abale a mayiwo, mvula isanagwe. Chimene akandichite kumeneko sindikuchidziwa, ndipo ndikuopa. Inu amene mwasenza chinthu chimene simunauzepo munthu, musaleke kupemphera, koma musadikire kuti utsi ufike pakhomo ngati ine. Ndipo lambulani kuseri kwa nyumba zanu udzu udakali wauwisi.

Tsiku la motolo litapita, m'mawa mwake ndinadzuka Lusiya asanadzuke. Ndinapita kuokala kukagula mabokosi awiri a machesi, limodzi ndinasiya pakhomo pa a Likhutu. Ndinasonkha nkhuni, ndinayatsa ndekha, ndinatenthetsa madzi. Nditawasukusula nkhope amake Lusiya, ndinakhala pamphasa pafupi nawo, ndinagwira dzanja lawo lamoyo lija, ndipo ndinati, "Kunali mayi wina kunjanji. Dzina lake anali Abiti Selemani."