Kanema Sapindidwa

Tsiku loonetsa makanema a ophunzira kumapeto a chaka, Kachetechete anaima pakhomo la holo thukuta lili kamukamu. Dzinali anamupatsa ndi anzake, chifukwa ngakhale pojambula ankati "yambani" monong'ona. Kanema wake anali wonena za mayi ake, telala, ndipo panatsala mphindi zochepa kuti awaululire zimene anakhala akuzimeza sabata zitatu.

Mayiwo anatulukira ali mu diresi yatsopano, azimayi anayi osoka nawo ali pambuyo.

"Lowani mukagwire mipando yakutsogolo," anawauza anzawowo. "Mukandione bwinobwino."

"Amayi," anatero Kachetechete akuyang'ana nsapato zake, "ndakudulani."

Mayiwo anadziyang'ana kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. "Pati?"

"Mu kanema. Aphunzitsi anati asapitirire mphindi khumi. Wanga anali mphindi makumi anayi."

"Ndiye unangomupinda."

"Kanema sapindidwa, amayi."

"Iii, chilichonse chimapindidwa! Buluku lako la kusekondale ndinalipinda katatu, unalivala zaka zinayi. Chinthu chikatalika sitidula. Timapinda, mwiniwake akakula timamasula."

"Ameneyu sakula."

"Wangobadwa kumene, wamutemberera kale?"

Kachetechete anakonza kukhosi. "Ndi luso, amayi. Chimene woonera sakuchiona ndicho chimalankhula kwambiri." Mawuwa anawaloweza m'kope, ndipo m'kopemo ankamveka anzeru.

"Ndiye ndatenga anthu anayi kudzaona chosaoneka?"

"Mukuoneka. Pang'ono."

"Kuyambira pati? M'chiuno?"

"Dzanja."

"Dzanja kukalekeza pati?"

"Dzanja lokha."

Mayiwo anagwira tsitsi lawo, limene anakhalira m'mawa wonse ku saluni. "Nanga mutu wanga wauika kuti?"

Atsikana awiri onyamula mabaluni anaima n'kucheuka. Kachetechete analakalaka pansi patang'ambika.

"Tsitsani mawu, amayi. Uli umu." Anatulutsa kafulashi kosungiramo makanema m'thumba la malaya.

Mayiwo anakalandira ndi zala ziwiri, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. "Ine ndili m'kameneka? Masiku atatu unandijambula, iwe! Ndinaimba. Ndinafotokoza mmene bambo ako anandifunsira. Ndinalira kawiri, chifukwa koyamba unaiwala kuyatsa kamera."

"Zonsezo zili momwemo."

"Ndiye ndi zotsala zanga. Mwini nsalu amabwezeredwa zotsala." Anakaponya m'chikwama n'kutseka zipi.

"Amayi, mulinso ntchito yanga ya chaka chonse!"

"Ndikusungira. Tsopano tandiuza, mphindi khumizo waikamo chiyani?"

"Dzanja lanu likuyendetsa nsalu, mphindi ziwiri. Kenako khoma."

"Khoma liti?"

"La kushopu. Kuwala kwa dzuwa kumatsika pang'onopang'ono..."

"Losupuka lija? Limene ndakhala ndikukupempha kuti upente? Wadula mayi ako n'kusiya khoma?"

"Likuimira kusungulumwa."

"Khoma limangoima, mwana iwe. Siliimira munthu. Ndipo wasungulumwa ndani? M'shopu muja timakhala asanu, wailesi yachisanu ndi chimodzi."

"Ndi kusungulumwa kwa mkati."

"Unajambulanso mkati mwanga?"

Belu linalira. Mayiwo anamugwira pamkono monga ankachitira pomuperekeza kukabayitsa jakisoni. "Tiye. Ukakhale pakati pathu. Ukawafotokozere wekha anzangawa."

Makanema atatu anadutsa. Nthawi ya kanema wake itafika, dzanja linadzaza nsalu yoonetserapo, lalikulu ngati chitseko, chipsera cha singano chili pachala.

"Eee, dzanja lanu lija!" anakuwa mmodzi wa azimayi aja.

"Langa limenelo!" anatero mayiwo, akulikweza m'mwamba kuti a kumbuyo afananize. Holo yonse inawomba m'manja. Kachetechete anapuma koyamba tsikulo.

Kenako linabwera khoma. Wina anatsokomola. Wina anafunsa ngati makina aima. Mphunzitsi yekha ndiye ankagwedeza mutu, mwina movomereza, mwina ndi tulo.

Pomaliza panayamba kukwera mayina. Wolemba nkhani: Kachetechete. Wojambula: yemweyo. Wotsogolera: yemweyo.

"Katatu," anawerenga mayiwo mokweza.

"Kanayi," anathandiza anzawo. "Kasanu."

Kachetechete ankatsetsereka pampando mpaka maondo anagunda mpando wakutsogolo. Anali ataiwala kuti pambuyo pa dzina lachisanu ndi chiwiri anaikaponso chithunzi chake, atagwira chibwano, akuyang'ana kutali. Chinakhala pamenepo osachoka, chathunthu, kuyambira tsitsi mpaka nsapato.

Magetsi atayaka, mayiwo anamusisita pamutu mwachikondi ndithu.

"Wagwira ntchito, mwanawe. Kudula umatha. Koma tandiuza, sizasi yakoyo inabuntha itafika pa iwe?"