Jekete la Kuseri kwa Chitseko

Pa siteji ya basi, dzuwa likuswa mtengo, mayi wa chikwama chofiira anadula foni n'kuusa moyo mokweza kuti aliyense amve. Mayi amene anakhala naye pa benchi anayang'ana kumbali, koma sizinamuthandize.

"Mwana wanga akuvutika kunja, amayi. Anapita pa ndege ndi anzake a ku koleji."

"Pepani."

"Akuti akugona anayi m'chipinda, bafa limodzi. Wina amachita mkonono mpaka kucha."

"Wanga amagona ndi abale ake asanu. Mkonono amaumva osakwera ndege."

"Nanga chakudya! Chopanda ndi mchere womwe. Ndiye kulikonse aziyenda pamzere ngati tiana ta bakha, mphunzitsi patsogolo. Mapazi onse matuza okhaokha."

"Matuza a kunja. Ena ali ndi mwayi."

"Mwayi wanji, amayi? Kuzizira kwake akuti mpaka makutu kuwawa. Ife sitinadziwe, tinangomugulira kajuzi kopepuka."

"Ife tinadziwa. Tinagula jekete lokhuthala, la ubweya m'khosi."

"Aa! Wanunso anapita?"

"Ankayenera kupita. Malo anachepa, anamusiya. Jeketelo lili pa msomali kuseri kwa chitseko. M'mawa uliwonse amayamba walisuntha kuti atenge thaulo."

"Ayi pepani. Komatu Mulungu anamupulumutsa, kunja n'kovuta."

"Ee, anamupulumutsadi. Mukamuimbiranso wanuyo mumuuze kuti akatopa nako kuzizirako, abwere. Wanga akazizidweko. Jekete ali nalo kale."