Ndinamuuza Mwana Wanga Kuti Asaime

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu makolo amene m'mawa uliwonse mumaima pakhomo n'kumayang'ana msana wa mwana akupita kusukulu. Ine kwathu kuno kwa Nkhulambe amanditchula kuti amake Esinta. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene Esinta wangayo anatsala pang'ono kupita ndi madzi ali pa ulendo wa kusukulu, komanso mmene Mulungu anamubwezera m'manja mwanga kudzera mwa munthu amene sindikanamupatsa ngakhale madzi akumwa.

Ine chibadwire ndine wokayikira. Wogula nandolo akandisekerera kwambiri, maso anga amapita pa sikelo. Ndiye chaka chimenecho khalidwe langali linapeza podyera. Njala yaikulu ija inali itangotisiya tili mafupa okhaokha pamene kunabuka mphekesera ya anamapopa. Ankati ndi anthu oyenda pa galimoto, amene amapopa magazi a anthu akumudzi n'kukagulitsa kutali. Panalibe amene anawaonapo ndi maso ake, aliyense anali atamva kwa mlamu wake wa mudzi winawo. Koma tinkati utsi sufuka popanda moto, ndipo ine ndinali m'gulu la onena mokweza.

Kuchokera kwathu kukafika kusukulu pali njira ziwiri. Ina ndi msewu wafumbi, wozungulira koma uli ndi mlatho. Ina ndi yachidule, yodutsa m'minda ya chinangwa n'kutsetsereka mpaka pa mtsinje wochokera kuphiri, pamene timawoloka podumpha miyala. Chiyambire, mvula ikayamba ana ankasiya yachidule n'kumayenda mumsewu. Koma chaka chimenecho amayi tinakumana pa mjigo n'kugwirizana kuti popeza anamapopa amabwera pa galimoto, mwana aliyense achoke mumsewu. Aphunzitsi aakulu anayesa kutiletsa, amvekere mtsinjewo si wosewera nawo nthawi ya dzinja. Titachoka pamaso pawo tinanong'onezana kuti akufuna ana mumsewu chifukwa ali nawo kumodzi.

Bambo ake a Esinta ankagwira ntchito m'minda ya tiyi kuseri kwa phiri, ndipo njinga yawo yakapalasa anaisiya pakhomo. Mabuleki inalibe. Pofuna kuima munthu ankaponda tayala lakutsogolo ndi patapata, monga ankachitira ambiri kuno. Esinta anali mu Sitandade 6, ndipo akakhala pachishalo mapazi ankangofika ndi zala pa mapedulo. Ndinamupatsa njingayo kuti zikavuta athe kuthawa msanga. Za mabuleki sindinade nazo nkhawa, ndinkati wothawa alibe nawo ntchito.

Masiku omwewo panayamba kuoneka bambo wina wachilendo pa mtsinje paja. Ankachokera tsidya la malire, ku Mozambique, atamanga zigubu zakuda pa kaliyala n'kuziphimba ndi chiguduli. Akafika powolokera ankatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukhala pamwala kumadya chinangwa chake uku akuyang'ana ana akudutsa. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, zambiri ankayankhula Chilomwe chakuya chimene ana athu sachimva bwino. Ifenso agogo athu anachokera komweko, koma mantha atalowa zimenezo tinaziika pambali. Dzina lake palibe anamufunsa, tinangomutcha Wazigubu. Tsiku lina anapatsa mwana wa mnansi wanga nzimbe, ndipo tinakaitaya m'chimbudzi titaigwira ndi masamba. Mafunso anga anali ambiri. Munthu wamkulu akhaliranji pamwala nthawi yomwe ana akudutsa? Zigubuzo aziphimbiranji ngati mulibe chobisa?

Ndiye ndinamukhazika Esinta pansi.

"Ukamuona Wazigubu, usaime. Akakuitana, usaime. Akakukodola, ndiye upalase kwambiri. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Esinta ndi mwana womvera. Ndinkamunyadira pa chimenechi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira "ndamva" ameneyo mtima umandiwawa.

Tsiku la tsokalo kwathu kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Kuphiri kokha ndi kumene kunali mtambo wakuda bii. Wobadwira kuno aliyense amadziwa kuti mvula ikagwa kuphiri mtsinje umadzaza ngakhale kumudzi kusanagwe dontho. Mtambowo ndinauona ndithu, koma maganizo anga anali pa galimoto. Ndinamutsanzika mwana, ine n'kutenga khasu kupita kokapalira chimanga.

Ndisanafike patali ndi mzere ndinamva ana akukuwa akuthamangira kumudzi. "Amake Esinta! Wazigubu watenga Esinta! Wamumanga pa njinga, wathawa naye!"

Khasu sindikudziwa kumene linagwera. Amuna anatuluka ndi zikwanje ndi zibonga, tonse n'kuthamangira kumtsinje. Tinapeza madzi ofiira ndi matope akukokoma, atamiza miyala yonse yowolokera, akukokolola mitengo. Njinga yathu sinkaoneka. Zigubu zija zinali gone pamtunda, ndipo pamwala wina pafupi ndi madzi panali magazi. Nditaona magaziwo ndinagwada m'matope momwemo, mawu a pemphero abwinobwino osabwera. Ndinangoti, "Ambuye, ndibwezereni mwana wanga. Kaya ali bwanji, ndibwezereni."

Amuna anatema zigubu zija ndi chikwanje kuti tione magazi a anthu. Munatuluka palafini, fungo lake n'kudzaza ponsepo. Tinayang'anana. Kenako mmodzi anati, "Wasandutsa ameneyu, ndi okhwima anthu amenewa." Ndipo abale anga, ine ndinavomereza.

Matayala a njinga yake anasiya mkukuluzi m'matope, wobwerera kumtunda mpaka kumsewu. Kumeneko mayi wina wogulitsa mango anatiuza kuti waona bambo wonyowa thupi lonse akupalasa ngati wamisala, mwana atamumangirira kumsana kwake ndi mphira zomangira katundu, akulowera kuchipatala chathu chaching'ono. Wina akanamva mawu akuti chipatala akanapezako mpumulo. Ine ndiye mtima unanyamuka kwambiri, pakuti mphekesera inkati magaziwo amakasonkhanitsidwa m'zipatala. Ndinamanga chitenje n'kuthamanga, kuwasiya amuna m'mbuyo.

Ndinalowa mosaodira. Esinta anali gone pabedi, mutu atamukulunga ndi bandeji, maso ali otseka. Pamkono pake panali singano, ndipo kapaipi kochokera pamenepo kanakwera mpaka ku thumba lopachikidwa pachitsulo. Ndinakuwa kuti, "Akumupopa! Akumupopa mwana wanga!" Ndinalumpha kuti ndizule kapaipiko, koma anesi, mayi wonenepa wa mawu aakulu, anandimenya padzanja.

"Mayi inu, takhalani pansi. Tayang'anani bwinobwino. Madziwo akukwera kapena akutsika? Tikuthira, sitikupopa."

Sindinawakhulupirire msanga. Ndinakhala n'kuyang'anitsitsa thumba lija, timadontho toyera tikugwa, tikutsikira mwa mwana wanga. Ndinadikira kuti mwina tisintha mtundu. Ndili chiyang'anire choncho, Esinta anatsegula maso n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi." Pamenepo ndinalira ngati pamaliro, anesi mpaka anandiuza kuti ndikudzutsa odwala ena.

Esinta atapezako mphamvu anandifotokozera. Akutsetsereka kupita kumtsinje, anzake oyenda pansi ali m'mbuyo, anaona bambo uja ataima pakati pa njira atatambasula manja, akukuwa kuti, "Madzi! Ima, mwana! Madzi!"

"Ndinamva ndithu kuti akunena za madzi, amayi, koma ndinayesa akundinamiza kuti andigwire. Ndinamuzemba n'kupalasa kwambiri monga munanenera. Nditaona mtsinje ndinaponda tayala, koma patapata inali ndi matope, inangoterereka."

Analowa m'madzi ndi njinga yomwe, mutu n'kumenya pamwala. Bamboyo anadziponya momwemo, n'kukamugwira malaya madzi atayamba kale kumukoka. Atamuvuula anamasula zigubu zake, katundu amene ankadyera, n'kuzisiya pomwepo kuti apeze pomukweza. Ana amene ankabwera m'mbuyo anangoona akumumanga ndi mphira, basi n'kutembenuka kuthamangira kumudzi.

Ndinafunsa anesi kuti bamboyo ali kuti. Anati atamva phokoso la anthu akubwera ndi zikwanje, anamutulutsira khomo lakuseri n'kumuuza kuti apalase osacheuka. Anapita ndi zovala zonyowa, dzanja lili long'ambika, osamangidwa n'komwe bala lakelo. Amuna aja atafika anesi anawaimira pakhomo n'kuwatsuka mkamwa mpaka zikwanje anazibisa kumbuyo. Komabe pobwerera ena ankanena kuti bamboyo anangoona kuti waonekera, n'chifukwa chake anadzisandutsa wachifundo. Inenso, ndisakunamizeni, madzulo ake ndinamufufuza Esinta thupi lonse kufuna pobayidwa. Ndinangopeza pamene anabaya anesi.

Esinta anachira, chinatsala ndi chipsera pamwamba pa khutu. Ine ndinali nditatsimikiza kuti sukulu yathera pomwepo, pakuti kumsewu ndinkaopa, kumtsinje ndinkaopa. Koma mwanayo ankalira tsiku lililonse akamva anzake akudutsa. Bambo ake atabwera anandiuza kuti kumutsekera m'nyumba n'chimodzimodzi kumusiya m'madzi muja. Mawu amenewo anandipweteka, koma ananena zoona.

Tinakumananso pa mjigo pomwe paja, ulendo uno titaitana aphunzitsi aakulu. Tinagwirizana kuti ana abwerere mumsewu, koma aziyenda pagulu, ndipo makolo tizisinthana kuwaperekeza mpaka kuwoloka mlatho. Aphunzitsi anationetsa kuti oyenda pansi aziyenda m'mbali moyang'anana ndi galimoto zobwera, kuti aziziona zikadali patali. Njinga yopanda mabuleki tinati izigona kunyumba, ngakhale mwini wake atakhala katswiri wa patapata. Yathu inapezeka kumunsi itakodwa m'bango, tayala litapindika, ndipo bambo ake anaikonzetsa n'kuikamo mabuleki ndi belu asanalole kuti mwana aikhudzenso. Za njira yachidule tinati kuphiri kukada, asayerekeze aliyense.

Tsiku loyamba kubwerera kusukulu ndinawaperekeza ndine. Tili pakati pa ulendo kunatulukira lole kutsogolo kwathu. Thupi langa lonse linafuna kudumphira m'chimanga, ndipo ndinali nditagwira kale ana awiri kuti ndithawe nawo. Esinta anandikoka chitenje. "Amayi, ndi ya mchenga iyi, imadutsa tsiku lililonse." Inadutsa ndithu, woyendetsa n'kutikwezera dzanja, n'kutisiyira matope m'miyendo. Anawo anandiseka mpaka pa mlatho.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la mayi wogwada m'matope. Iye sanadikire kuti ndiyambe ndakhala munthu wabwino. Anali ataika kale munthu wake pa mtsinje, pamwala umene ife tinkauloza ndi zala. Makolo anzanga, musatope, ndipo musawatsekere ana m'nyumba chifukwa cha mantha. Alekeni ayende, alekeni apalase, koma yendani nawo njirayo muione ndi maso anu. Gwirani mabuleki a njinga musanamutsanzike mwana. Kuchenjera n'kwabwino, ine mpaka pano ndimachenjera, koma zimene mukumuuza mwana muziziyeza, chifukwa mwana womvera adzazichita ndendende ngakhale pamene inu mukanasintha maganizo. Amene muli m'mayesero lero, gwiritsitsani, thandizo limabwera ndi nkhope imene simukuiyembekezera.

Bambo uja sanadutsenso njira yathu. Ndafunsa m'misika, ndafunsa kwa ogulitsa palafini ochokera tsidya lija, koma munthu wopanda dzina amavuta kumufunsa, ndipo ena akamva kuti ndine wa kwa Nkhulambe amangotseka pakamwa. Sindiwadzudzula. Ndiye ndikupempha inu amene mukuwerenga umboni uwu. Ngati kwanuko kuli bambo amene amasimba kuti anavuula mwana m'madzi, anthu n'kumulipira ndi zikwanje, mukamuuze kuti amake mwanayo akumufunafuna kuti agwade pamaso pake. Akakana kundiona ndidzamvetsa. Koma mukamuuze chimodzi chokha, chimene anathawa asanachimve: mwana uja ali moyo, ndipo kusukulu anakafika.