Damu la Mkamwini

Chaka chimene boma la Chitaganya linali litangoyamba, m'mwezi wowokera mpunga, amayi anga anaima pakati pa khoma la damu atasenza dengu la mbande, madzi a m'dengumo akudonthera pamsana pawo. Kunali m'mawa, kumwamba kuli mbee, kupatula kumapiri a kumadzulo kumene kunali kutada kuyambira dzulo lake. Anayang'ana kachilumba ka pakati pa madzi pamene tsekwe anali kufungatira mazira, ndipo anafunsa atate ngati mkazi wawo wamng'onoyo, kunena tsekweyo, wadzuka bwino. Atate anayankha kuti wadzuka bwino, komanso kuti chimkwatirireni sanawapemphepo sopo. Amayi anaseka mpaka kugwirira dengu, kenaka anatsetserekera kudambo. Ine ndinali pamwala, ndikuchapa diresi la kusukulu ya uphunzitsi, pakuti tchuthi chinali kutha.

Ana anga, mwabwera kudzapempha khwawa lija kuti gulu lanu likumbe damu la nsomba, ndipo sindikukanizani. Koma khalani kaye, mumve za damu limene linalipo pamenepo makolo anu asanabadwe.

Atate sanali a kuno ku Benga. Anali mkamwini wochokera kumtunda, ndipo anakhala zaka zambiri ku Halale akugwira ntchito pafamu ya mzungu wina, kumene anaona madzi atatsekedwa ndi dothi lokha n'kukhala phee. Masiku ano mwamuna amagula malo n'kuwatcha ake, koma kale mkamwini sankadzala ngakhale mtengo wa mango, pakuti munda unali wa mkazi, nyumba ya mkazi, ana n'kukhala a amalume awo. Atabwerako ku Halale anapempha chinthu chimodzi kwa amalume, alongo awo a amayi, amene anali mwini mbumba: khwawa la miyala limene ngakhale mbuzi sizinkalifuna. Amalume anaseka n'kuwapatsa, nati likhale lawolawo.

Zilimwe zingapo atate ankatuta dothi la pachulu m'madengu, kulithira madzi, n'kumalitsendera ndi musi wakale wa amayi. Odutsa ankawafunsa ngati nyanja ya Mulungu ili apayi yawachepera. Ndipo mvula itabwera madzi anafika pakhomapo n'kuima, ngati mlendo amene wapeza mpando.

Sindidziwa ngati ndikukumbukira damulo kapena ndikukumbukira maloto amene ndakhala ndikulilota, pakuti ukakalamba ziwirizi zimagona pamphasa imodzi. Ndimaona maluwa a kakombo akutseguka dzuwa likamakwera, akakowa ali mbuu m'bango, akatumbu akutulutsa timitu tawo tonyowa n'kumiranso, mbawala ikumwa madzi mwendo umodzi uli m'mwamba. Mitambo inkayenda pansi pa madzi mofanana ndi kumwamba, mwakuti ukayang'anitsitsa unkachita chizungulire chokoma. Chulu chimodzi chimene atate anachisiya osagumula chinazingidwa ndi madzi n'kusanduka kachilumba kaja, ndipo atsekwe anakakonda. Lamulo la atate linali limodzi: pamenepo pasafike legeni, msampha kapena ukonde. Asodzi ankati munthuyu waweta chakudya chimene sadya, koma masana ankabwera okha kudzakhala pakhomapo.

Kunsi kwa khomalo kunkatuluka timadzi toyera, ndipo dambo la mpunga linkakhala lonyowa ngakhale mvula idule. Chigawo chabwino koposa, chogundana ndi khoma, mbumba inachipereka kwa amayi, poti madziwo anali a amuna awo.

Koma lamulo lija linatetezanso ng'azi ndi nkhanu, ndipo izo zinakumba mauna awo m'khoma. Chaka chimenecho timadzi tija tinayamba kutuluka tofiira. Aliyense anationa, ana anga, panalibe chobisika. Mlangizi wa zaulimi anabwera panjinga kuchokera kuboma, nayenda khoma lonse, nauza atate mwaulemu kuti akumbe ngalande m'mbali, madzi atsike kufika theka mvula yaikulu isanabwere, ndiye atseke maunawo. Atate sanatsutse. Anangoti madzi akatsika, kachilumba kalumikizana ndi mtunda, agalu awoloka n'kukadya mazira. Anapempha kuti mazirawo aswe kaye, pakuti sanali kutali.

Amalume anabwera kunyumba kwathu n'kukhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Alamu, madzi saiwala khwawa. Pansi apa pali mpunga wa mbumba yanga, ndiponso amene amawerama mumpungamo ndi anthu."

Anali ndi mphamvu yoitana amuna a m'mudzi ndi makasu tsiku lomwelo, ndipo atate ankadziwa, mwakuti anangoweramitsa mutu. Amene anayankha ndi amayi, ali chikhalire pamphasa.

"Alongo, munthu uyu m'mudzi muno ali ndi chiyani? Nyumba ndi yanga, ana ndi anu. Musiyireniko mazira akewo aswe."

Amalume anavala chipewa nati amva.

Tsopano tibwerere pamwala paja. Dzuwa litakwera ndinaona kuti mwala umene ndinkachapirapo wamira, chikhalirecho sindinasunthe, ndipo panalibe ngakhale dontho la mvula. Mvula inali itagwa kumapiri, madzi ake n'kumabwera mwakachetechete, ofiira, atanyamula zinyalala za minda ya eni. Chakudza sichiimba ng'oma. Maluwa a kakombo onse anatembenukira mbali imodzi n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhoma, ngati anthu opita kumaliro, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndi maso anga kuti anaona kukongola kwake.

Atate anathamanga ndi khasu n'kuyamba kutema ngalande m'mbali, uku akufuulira azimayi a kudambo kuti akwere kumtunda. Inenso ndinaitana. Amene anali m'mphepete anamva nathawa. Amayi anali atawerama kunsi kwenikweni kwa khoma, kumene mawu a pamwamba ankangodutsa osatsika.

Khomalo silinaphulike ayi. Linangokhala pansi pakati pake, monga ng'ombe yotopa imagwadira, ndipo madzi anadutsa.

Amayi tinawapeza mawa lake m'bango, pamene khwawa limathirira m'nyanja. Dengu lawo linali litakodwa panthambi ya mkuyu chapafupi, mbande zina zili momwemo.

Anthu anayembekeza mlandu, koma sunakhalepo. Mwambo wathu unali woti mkazi akamwalira, zamaliro zikatha, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ndipo atate anamanga katundu wawo asanauzidwe. Amalume anawapeza akumanga, naima pakhomo.

"Mukupita kuti, alamu? Mawu a mlongo wanga tinamva tonse awiri. Masulani."

Sanalankhulanenso za nkhaniyo mpaka onse anamwalira.

Pamene panali damu panatsala matope okhaokha, nsomba zikuphiriphitha, akakombo atagona chafufumimba. Kachilumba kanabwerera kukhala chulu, ndipo pamwamba pake tsekwe uja anali akufungatirabe. Tsiku lililonse atate ankawoloka matopewo, akumira mpaka m'mawondo, n'kukakhala patsinde pa chulu ndi ndodo, kuingitsa agalu. Ena anati mutu wawasokonekera, ena anatukwana kuti mkazi wafa chifukwa cha mbalame koma munthu akulonderabe mbalame yomweyo. Ine ndinkawatengera madzi akumwa. Sanandiuze chifukwa chake, ndipo sindinawafunse.

Mazira anaswa ndisanabwerere kusukulu. Popeza pamenepo panalibenso madzi, tsekwe anatsogolera ana ake kutsika khwawa, kudutsa pamene khoma linakhala pansi, kudutsa m'dambo lokwiririka ndi mchenga, tianato tikugwa n'kumadzuka. Atate ankatsatira pambuyo ndi ndodo yawo, ine pambuyo pa atate, njira yonse imene madzi anadzera, mpaka kubango kuja. Pamenepo tianato tinalowa m'nyanja, timodzitimodzi. Atate anaima mpaka tianato titabisika, natembenuka. Kuchokera tsikulo sananyamulenso dengu la dothi.

Choncho khwawalo tengani, ana anga. Inu muli ndi alangizi apafupi ndi simenti yogula ku Dwangwa, zimene atate analibe, koma madzi ndi omwe aja. Muyambe ndi ngalande, khoma libwere pambuyo. Muziyenda kunsi kwake m'mawa uliwonse, ndipo mukaona timadzi tafiira mutsitse damu tsiku lomwelo, musadikire kanthu, ngakhale kakome chotani. Mvula mukaiona kumapiri, muitenge ngati yagwa pamutu panu, ndipo kunsi kwa khoma musaike munda wa munthu.

Chulu chokha chija, chili pakati pa chimanga cha mdzukulu wangachi, ndikupemphani musatengepo dothi. Mpunga ukayamba kuwokedwa, atsekwe amabwera n'kutera pamenepo. Madzi palibe, koma amatera.